Imbani Ng'oma Tsoka Lisanafike

Anzanga acinyamata, ndikufunseni funso ili: n'cifukwa ciani mwana amene anamva kale nthano ya Kalulu kakhumi amaumirirabe agogo ake kuti aisimbenso? Mathero akuwadziwa. Ngakhale mau eni-eni akuwadziwa, moti agogo akalumpha pena iye ndiye amawakumbutsa. Komabe pofika pamalo poopsa paja mwanayo amasendera pafupi, maso ali tong'o, ngati kuti lero zinthu zingathe mwa mtundu wina.

Funso limeneli n'lofunika kwa ife amene timalemba tinkhani tifupi-tifupi ndi masewero a m'magulu athu. Nkhani zambiri zimene zimawerengedwa pa misonkhano ya acinyamata, kuno ku Chongwe ndi kwina, zinamangidwa pa ganizo limodzi, lakuti wowerenga ukamuuza cinsinsi msanga athawa. Motero wolemba amabisa zonse mpaka mzere womaliza, kenaka n'kutidzidzimutsa. Mlendo uja anali atate ake omubala. Mtsikana uja anali kale ndi mwamuna. Kapena, coipa koposa, zonsezo anali maloto cabe. Ine ndikuti ganizo limeneli n'lolakwika, ndipo ndilo licititsa kuti nkhani zambiri zabwino ziwerengedwe kamodzi kokha n'kuiwalika.

Cimene cimagwira wowerenga ndico kudziwa. Pamene inu mudziwa cinthu cimene munthu wa m'nkhani sadziwa, mau ake onse amakhala ndi matanthauzo awiri: limene iye akuganiza, ndi limene inu mukumva. Mabuku a Cingelezi amachula luso limeneli kuti irony. Ife tingaliche msemphano, pakuti zimene munthuyo akuganiza ndi zimene ziripo zasemphana, ndipo woona kusemphanako ndinu. M'kalankhulidwe kathu si cinthu cacilendo. Mwana akaswa mphika, mai amati, "Wacita bwino, kaswenso winawo," ndipo aliyense pakhomopo amamva kuti mau ndi tanthauzo zayenda njira zosiyana. Wolemba waluso amatenga msemphano womwewo n'kuutambasula kuti ukute nkhani yonse.

Mphiri ya m'nkhokwe

Tiyeni tiyambe ndi citsanzo capafupi. Mtsikana watumidwa kukatapa cimanga m'nkhokwe. Wolemba woyamba akutiuza kuti mtsikanayo akuyenda akuimba, wakwera pankhokwe, wapisa dzanja, ndipo mwadzidzidzi njoka yamuluma. Tadzidzimuka, inde, koma kudzidzimukako kwatha nthawi yomweyo.

Wolemba waciwiri akuyamba mwa njira ina. M'ndime yoyamba akutionetsa mphiri ikulowa m'nkhokwe m'mamawa n'kudzipinda pakati pa cimanga. Kenaka akutitengera kukhichini kumene mai akuti, "Mwanawe, katape cimanga tikagayitse." Taonani tsono zimene zacitika. Mtsikanayo akamacedwa kufunafuna dengu, ife tikuti acedwe ndithu. Mnzake akamuitana kuti akatunge madzi kaye, tikupumako. Akakana, mtima wabwereranso m'mwamba. Nyimbo ija, imene m'nkhani yoyamba inali yongodzazira pepala, tsopano ikutilasa. Pa zocitikazo palibe cimene cawonjezeka: mtsikana ndi yemweyo, njoka ndi yomweyo. Casintha n'cakuti ife tauzidwa.

Katswiri wa mafilimu wa ku England, Alfred Hitchcock, anafotokoza zimenezi kwa François Truffaut pa kukambirana kwao kwa mu 1962. Citsanzo cake cinali ca bomba lobisidwa pansi pa thebulo pamene anthu awiri akuceza. Likangophulika oonerera asakudziwa kanthu, mwawapatsa masekondi 15 a kudzidzimuka. Mukawaonetsa bombalo poyamba, pamodzi ndi koloko ya pakhoma, mwawapatsa mphindi 15 za nkhawa. Makolo athu anati cakudza siciimba ng'oma. Kwa munthu wa m'nkhani mwambiwo ukhale woona ndithu. Koma kwa wowerenga, nchito ya wolemba ndiyo kuimba ng'omayo.

M'nkhani yaifupi luso limeneli n'lofunika koposa m'buku lalikulu. Wolemba buku ali ndi masamba mazana oti tizolowerane ndi anthu ake. Inu muli ndi masamba atatu kapena anai. Mulibe malo a mau ongoyendayenda. Mukapatsa wowerenga cinsinsi msanga, ciganizo ciriconse cotsatira cimagwira nchito ziwiri, ngakhale moni weniweni.

Kalulu ndi Kamdothi

Osimba nthano za pamoto analidziwa luso limeneli kalekale mafilimu asanabwere. Kumbukirani nthano ya Kalulu, Njovu ndi Mvuu. Kalulu apita kwa Njovu kumtunda n'kudzitama kuti angathe kumkoka pa cingwe. Atsikira kumtsinje, anena zomwezo kwa Mvuu. Apatsa aliyense nsonga yake ya cingwe, iye n'kubisala pacitsamba pakati. Zimphona ziwirizo zikokana, thukuta liri kamukamu, ciriconse cikudabwa kuti kanyama kocepa ngati kaja mphamvu zotere kazitenga kuti. Oona nsonga zonse ziwiri za cingweco ndi Kalulu ndi ife basi. N'cifukwa cake timaseka, ndipo m'kusekamo muli mantha: bwanji Njovu akatsata cingwe n'kukaona amene ali mbali inayo? Tayesani kusimba nthanoyi kucokera kwa Njovu yekha, za Mvuu n'kuulula kumapeto. Mudzaona ana akuyamba kusinza.

Nthano ya Kamdothi, imene ambiri tinaimva kwa agogo a kum'mawa, ipita patali koposa apa. Osimba amasiyana pena ndi pena, koma fupa lake ndi limodzi. Mai wosabala aumba mwana ndi dothi, mwanayo n'kukhala wamoyo. Lamulo liperekedwa poyamba penipeni: mvula isamgwere, pakuti adzasungunuka. Kucokera pamenepo wosimba safunanso mfiti kapena cilombo. Angonena kuti kamtambo kaoneka, basi tonse tagwira mtima. Kamdothi lamulo akulidziwa, koma ndi mwana: maso ake ali pa masewera, athu ali kumwamba pamodzi ndi a mai ake. Tsiku loyamba athamanga n'kulowa m'nyumba madontho oyamba akugwa. Tsiku lina asewera patali pang'ono. Lina patali koposa. Kupulumuka kulikonse kumatikumbutsa kuti likudza tsiku limene miyendo siidzakwanira.

Ndipo taganizirani mdani wake. Ife a kuno ku Chongwe tidziwa cimene mtambo uli. Asoli ali ndi mwambo wa Chakwela Makumbi, umene dzina lake lomwe linena za kukoka mitambo kuti itsike, ndipo amene anaona cimanga cikupserera m'minda m'cilala ca 2024 safunika kuuzidwa kukoma kwa bingu loyamba. Tsono m'nthanoyi cinthu cimene mudzi wonse umalirira ndico imfa ya mwana mmodzi. Alimi akamayang'ana kumwamba mokondwa, mai mmodzi akuthamanga akuitana. Msemphano wotere ndiwo ucititsa kuti kanthano ka mphindi zisanu kakhale m'mtima mpaka ukalamba.

Nthano zotere si zoseweretsa ana cabe. Akulu-akulu akumbukira Julius Chongo, amene m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anali kusimba nthano pa wailesi ya Zambia m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo, munthu mmodzi kulankhula mau a anthu onse a m'nkhani. Luso lake linali lakuya kotero kuti Ernst Wendland, amene anaphunzitsa zaka zambiri pa seminale ya Lutheran ku Lusaka, analembapo nchito yake ya udokotala mu 1979. Tisanapite kukabwereka nzeru kutali, tidziwe kuti nkhokwe ya kwathu njodzaza.

Kalata ya Uriya

Tsopano tsegulani 2 Samueli mutu 11. Iyi si nkhani yopeka, koma kasimbidwe kake kaposa nkhani zopeka zambiri, ndipo yonse yakwana m'mavesi 27. Wolemba sabisa kanthu. Pofika vesi 5 tadziwa kale zonse: asilikali ali kunkhondo ku Raba, mfumu Davide yatsala ku Yerusalemu, yatenga Bateseba mkazi wa Uriya, ndipo mkaziyo ali ndi pakati. Wolemba wokonda kudzidzimutsa akanasunga zimenezi mpaka kumapeto. Uyu wazikhuthula zonse poyamba, ndipo pamenepo mpamene akulowetsa Uriya.

Davide amuitanitsa kucokera kunkhondo, amufunsa za Yoabu ndi asilikali monga mfumu yosamala anthu ake, kenaka amuuza kuti apite kunyumba akapumule, mphatso ikumtsata pambuyo. Kwa munthu woimirira pakhomo, uku ndi kukoma mtima. Kwa ife ndi msampha, pakuti tidziwa kuti mfumu ifuna kuti mimba ija idzaoneke ngati ya mwini mkazi. Uriya sapita, agona pakhomo pa nyumba ya mfumu pamodzi ndi anchito. Atafunsidwa cifukwa, ayankha kuti sangakadye ndi kugona kwa mkazi wake pamene likasa ndi anzake ali m'misasa kuthengo. Mau amenewa msilikali aliyense wokhulupirika akanawanena. Koma iye akuwanena kwa munthu amene anatsala kumudzi n'kucita comweco cimene iye akukana, ndi mkazi yemweyo. Mpeni uli m'mau amenewa tikuumva ndife ndi Davide. Kaya Uriya anali atamva mphekesera za m'nyumba ya mfumu, wolemba satiuza, ndipo kusatiuzako kuwonjezera nkhawa: kodi munthuyu akulankhula mosadziwa, kapena akulasa dala?

Mfumu iyesanso, imledzeretsa, koma Uriya agonanso pamalo pomwe paja. Ndiye m'mawa mwake ilemba kalata kwa Yoabu yolamula kuti Uriya aikidwe pamene nkhondo yakula, ndipo anzake amsiye yekha kuti afe. Wonyamula kalatayo ndi Uriya. Imani pamenepo pang'ono. Raba ndi pamene pali mzinda wa Amman lero, tsidya lina la Yordano, ndipo wa miyendo sangafike tsiku lomwelo. Ndiko kuti munthuyu agona m'njira imfa yake iri m'thumba. Davide saopa kuti aitsegula, cifukwa masiku apitawa aonetsa kuti Uriya sacita cinyengo. Cimene cikumupha ndi kukhulupirika kwake komwe.

Za ulendowo wolemba sanena liu ndi limodzi lomwe. Pa vesi 15 tikuwerenga za m'kalata, pa vesi 16 tiri kale pa linga la Raba. Watisiyira ife kuti ulendowo tiuyende tokha. Saimanso kuti atiuze kuipa kwa mfumu. Maganizo a Mulungu awasunga mpaka mau omaliza a mutuwo, ndipo ndi mzere umodzi cabe. Wowerenga afika pamenepo atakwiya kale yekha.

Njira ya kumanda

M'zitsanzo zonsezi wolemba watinong'oneza cinsinsi. Pali njira ina yocenjera koposa, imene wolemba sanong'oneza kanthu koma adalira zimene wowerenga adziwa kale za moyo. Chinua Achebe wa ku Nigeria anacita zimenezi m'kankhani ka masamba ocepa kochedwa Dead Men's Path, kamene kanatuluka mu 1953 iye ali wophunzira ku Ibadan, ndipo kapezeka m'buku lake la Girls at War la mu 1972.

Michael Obi, mnyamata wa zaka 26, aikidwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya misyoni ya Ndume mu Januwale 1949. Iye ndi mkazi wake Nancy ali ndi cangu ca kusintha zonse: maphunziro apamwamba, maluwa ndi mipanda yokongola. Tsiku lina aona gogo wamkazi akudutsa pabwalo la sukulu m'kanjira kozimirira. Auzidwa kuti njirayo ilumikiza kacisi wa mudzi ndi manda, ndi kuti kuyesa kuitseka kunautsa kale mkangano. Obi aopa zimene woyendera masukulu adzaganiza akadzaona anthu akudutsa, motero aitseka ndi mitengo ndi waya waminga. Wansembe wa m'mudzimo, nkhalamba, abwera mwaulemu kudzafotokoza kuti m'njiramo mumayenda akufa ndi ana obwera kudzabadwa. Obi amuyankha kuti sukulu iripo kuti icotse zikhulupiriro zotere.

Achebe sanatiuze cimene cidzacitika. Koma ndani wa ife, wokulira m'mudzi, amene sadziwa? Mlendo atabwera lero m'mudzi uliwonse wa kuno n'kutseka njira ya kumanda ndi waya osafunsa akulu, ngakhale mwana angakuuzeni kuti sikuca bwino. Ndiye pamene Obi akumwetulira, ife tikuwerenga masiku. Patapita masiku awiri mai wina amwalira pobereka. Mudzi uona imfayo kukhala mkwiyo wa makolo, ndipo Obi adzuka n'kupeza mipanda yazulidwa, maluwa apondedwa, nyumba imodzi ya sukulu yagwetsedwa. Tsiku lomwelo woyendera sukulu, Mzungu, afika n'kulemba lipoti loipa, loimba Obi mlandu wa cangu cosalingalira. Akulu amene anafuna kuwakondweretsa ndiwo amudzudzula.

Simufunika kuvomereza cikhulupiriro ca wansembeyo kuti mumve kulemera kwa nkhaniyi. Cimene cinagwetsa Obi ndico kusaganiza kuti wina aliyense pamalopo angadziwe kanthu koposa iye. Ndadziwa-kale anamanga nyumba yopanda khomo. Kwa amene anapitako kusukulu n'kubwerera kumudzi ndi mapepala, kankhani aka n'kowawa kuwerenga, ndipo mpake.

Nanga mathero odzidzimutsa?

Wina adzati, "Nanga nkhani zochuka zija zimene zimadzidzimutsa pamapeto, kodi n'zacabe?" Tiyeni titenge yochuka koposa, La Parure, nkhani ya mkanda imene Guy de Maupassant wa ku France anasindikiza mu 1884. Mathilde Loisel, mkazi wa kalaliki wa m'boma, abwereka mkanda wa dayamondi kwa mnzake wolemera, Madame Forestier, kuti akaonekere kuphwando. Autaya. Pocita manyazi kuulula, iye ndi mwamuna wake akongola ndalama n'kugula wina wofanana nao pa ma franc 36,000. Atha zaka 10 akubweza ngongole, mkaziyo n'kukalamba ndi nchito yakalavulagaga. Pamapeto akumana ndi mnzake uja n'kumuuza zonse monyadira. Mnzakeyo ayankha kuti mkanda uja unali wabodza, wosaposa ma franc 500.

Apa cinsinsi cabisidwa kwa ife tomwe. Koma taonani zinthu ziwiri. Coyamba, pa kuwerenga koyamba cimene cimatigwira si cinsinsi comalizaco, pakuti sitidziwa n'komwe kuti ciripo. Cimatigwira ndi cinsinsi cina cimene tiri naco limodzi ndi Mathilde: tidziwa kuti mkanda wobwezedwawo si womwe uja, pamene Madame Forestier sadziwa, ndipo timapuma pamene alandira bokosi osalitsegula. Caciwiri, wolemba sanatinamize. Anasiya mapazi oti titsate. Mwini cuma abwereketsa mkanda wotere mosavuta konse. Wogulitsa zokometsera amene dzina lake liri pabokosi anena kuti iye anangogulitsa bokosi lokha. Mukaiwerenga kaciwiri, mutadziwa, nkhaniyo isanduka ina, yowawa koposa. Mbale iriyonse imene Mathilde atsuka, masitepe alionse amene akwera ndi madzi, mumafuna kumgwira dzanja n'kumuuza kuti, "Mai, pitani mukangofunsa."

Muyeso wa mathero odzidzimutsa ndi umenewu. Ngati nkhani ikoma koposa mutadziwa mathero ake, wolembayo ndi mmisiri. Ngati ifa, anangotibisira cabe. Nkhani yothera m'maloto imalephera muyeso umenewu nthawi zonse, pakuti ndani angabwerere kukadera nkhawa zinthu zimene wauzidwa kuti sizinacitike?

Tiyese ndi nkhani ya kwathu

Nayi nkhani imene mwaiona m'masewero kambiri. Mai wamasiye wa kumudzi agulitsa mbuzi zake kulipirira mwana wake koleji ku Lusaka. Mwanayo adya ndalama, maphunziro anasiya kale. Kawirikawiri imalembedwa motere: mai afika, mlembi wa pakoleji anena zoona, mai akomoka, wolemba alalikira ndime ziwiri za kumvera makolo.

Tsono yesani kuyamba ndi mnyamatayo akukankha wilibala ya ena pamsika, tidziwe kuti caka catha osaponda m'kalasi. Mukatero msiyeni, tikwere minibasi pa Chongwe pamodzi ndi mai ake, nkhuku ya mphatso ya aphunzitsi iri pamiyendo. Auze mai wokhala naye pampando kuti mwana wake amaliza caka cino. Mai winayo adandaule za wake amene angokhala pakhomo. Mai wathu amlangize za kulera ana. Kondakitala aitane Silverest, aitane Chelston, ndipo dzina lirilonse likhale ngati dontho la pa Kamdothi. Simufunika ngakhale kuonetsa kukomoka. Mungathe kumaliza mai ataima pa geti akukonza duku. Wowerenga adzalalikira yekha.

Poyesa zimenezi cenjerani ndi mbuna zitatu. Yoyamba ndiyo kusandutsa munthu wosadziwayo citsiru. Ngati mai uja wapatsidwa zizindikiro khumi n'kulephera kuziona zonse, wowerenga aleka kumumvera cisoni n'kuyamba kunyansidwa naye. Kusadziwa kwake kucokere pa cinthu cabwino mwa iye, monga cikondi ca mai kapena kukhulupirika kwa Uriya, kapena pa cofooka cimene tonse tiri naco, monga kudzimva kwa Obi ndi manyazi a Mathilde.

Yaciwiri ndiyo kuulula cinsinsi n'kuciiwala. Coonadi cizifika pafupi-pafupi n'kubwerera, monga mvula ija inali kucitira Kamdothi. M'minibasimo mukwere mnyamata wa kumudzi komweko wodziwa zonse, atsegule pakamwa, kenaka aone nkhuku ija n'kukhala cete.

Yacitatu ndiyo kufotokoza mopitirira. Wolemba akamati, "Koma mai wosaukayu sanadziwe kuti..." katatu kapena kanai, waonetsa kuti sakhulupirira wowerenga wake. Mwatiuza kamodzi m'ndime yoyamba, tamva. Mnzanu akakuuzani nthabwala n'kuyamba kuimasulira, kodi mumasekanso?

Pamene nkhani itembenukira wowerenga

Luso limeneli liri ndi ngozi yake kwa wowerenga. Kudziwa koposa mnzako kumakoma. Munthu umakhala ngati wakwera pa culu n'kumaona ena akusokera m'munsi. Osimba aluso amadziwa zimenezi, ndipo ena amatikweza pa culupo dala kuti atigwetse.

Bwererani kwa Davide, mutu 12. Mneneri Natani abwera ndi kankhani kopeka ka mavesi anai okha. Munthu wolemera, wa nkhosa ndi ng'ombe zambiri, alanda kamwana ka nkhosa kamodzi ka mnansi wake wosauka, kamene kanali kudya ndi kumwa pamodzi ndi mwini wake, kuti aphere mlendo. Ife amene tawerenga mutu 11 tizindikira msanga amene akunenedwa. Davide sazindikira. Iye akudziona ali pa culu, woweruza woona zonse. Ndipo akamapsa mtima n'kugamula kuti munthuyo ayenera imfa ndi kubweza kanai, mtima wathu uli m'mwamba, pakuti amene anapatsa mnzake kalata ya imfa tsopano akudzigamulira yake ndi pakamwa pake. Natani akanayamba ndi kumudzudzula, mwina akanatsata Uriya. Anasankha nkhani, ndipo nkhaniyo inalowa pamene ulaliki ukanapeza citseko cotseka.

Ndico cifukwa cake zimenezi ziposa luso la kalembedwe. Nkhani ya msemphano imatiphunzitsa kuona munthu akuyenda mokondwa kunka kudzenje ndi kumumvera cisoni m'malo mwa kumseka. Ndipo tikatseka buku imatisiyira funso. Obi sanaone, Mathilde sanaone, Davide sanaone. Nanga ine, m'kalata imene ndanyamula m'thumba munalembedwa ciani? Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Zocita m'gulu

1. Werengani Estere mutu 5 ndi 6. Lembani pa bolodi zimene mfumu idziwa, zimene Hamani adziwa, ndi zimene inu mudziwa pa nthawi imene Hamani alowa m'bwalo la mfumu. Kodi n'ciani cikuseketsa, ndipo n'ciani cikuopsa?

2. Werengani Luka 24:13-35. Wolemba atiuza msanga amene mlendo wa panjira ya ku Emau ali. Nkhaniyi ikanataya ciani akanatibisira mpaka pa cakudya?

3. Tengani sewero limodzi limene gulu lanu linasewerapo kale. Cotsani cinsinsi cake pa cigawo comaliza, muciike pa coyamba, zina zonse osasintha. Liseweni mwa njira zonse ziwiri, ndipo muziyang'ana ana okhala kutsogolo. Akayamba kukuwa kucenjeza wosewera kuti asalowe, asatsegule, asakhulupirire, dziwani kuti ng'oma mwaiimba bwino.